Ng'oma si belu loitanira anthu ku msonkhano

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene yakhala ikundidya mumtima, ya momwe ife ogwira ntchito yoteteza maufulu a anthu timachitira ndi magule a makolo athu. Ndine mayi wachikulire ndithu, ndipo ntchito yanga ndi yolangiza anthu pa zamalamulo, ija ambiri amangoti paralegal. Mkati mwa sabata ndimamva madandaulo a amayi amasiye, ndimapita kupolisi kukaona ngati omangidwa sanapyole maola 48 asanaonekere kukhoti, ndimakumbutsa abale awo kuti belo ya kupolisi salipira, ndiponso ndimalemba makalata otumiza milandu kumene iyenera kupita. Ndinenso woimba ng'oma. Ndimaimba chisamba ndi chimtali, ndipo pa gule wamkulu ndimakhala m'gulu la amayi oimba ndi kuomba m'manja. Ng'oma ndinaiphunzira kwa azakhali anga ndisanadziwe n'komwe kuti kunja kuno kuli buku la malamulo.

Anthu a mbali zonse ziwiri akhala akundiuza kuti ndisankhe chimodzi. Anzanga ena a kuntchito amaona kuti munthu wodziwa malamulo sayenera kuoneka pabwalo atamanga nsalu m'chiuno, ng'oma ili pakati pa miyendo, fumbi lili koboo. Ena amanena mosabisa kuti magule ndiwo gwero la mavuto amene timalimbana nawo: maukwati a ana, kusiya sukulu, nkhanza kwa amayi. Kumudzi nako alipo akuluakulu ondiyang'ana ndi diso lokayika. Iwo amati wa zamaufulu akalowa m'tsimba ndiye kuti wabwera kudzazonda kuti akanene kwa azungu. Ine ndakana kusankha, ndipo ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake, makamaka kwa anzanga a m'mabungwe, pakuti iwo ndiwo ali ndi ndalama, galimoto ndi zimkuzamawu.

Taonani zimene zimachitika pa zikumbutso zathu. Pa 25 November timatsegulira masiku 16 olimbana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, n'kudzatsekera pa 10 December, tsiku la maufulu a anthu. Pa 16 June timakumbukira mwana wa mu Africa. Pa mwambo uliwonse wotere magule sasowa pa ndondomeko. Ovina amauzidwa kuti afike m'mamawa, amakhala padzuwa, ntchito yawo n'kukoka anthu mlendo wolemekezeka asanafike. Galimoto zikangotulukira, woyendetsa mwambo amakweza dzanja, ng'oma n'kudulidwa nyimbo ili pakati. Kenaka malankhulidwe amadya tsiku lonse, ena m'Chingerezi, pamaso pa agogo amene sanapondeko m'kalasi. Gulu likapatsidwanso mpata ndi wa mphindi 5, ndipo nyimbo yake ndi yolembedwa kuofesi dzulo lake, mawu ataliatali osalowa m'ng'oma, amayi akuimba maso ali papepala. Zimandiwawa ndikaona chithunzi chawo mu lipoti ngati umboni woti anthu a m'deralo anatenga nawo mbali, chonsecho palibe anawafunsa kanthu.

Kumeneku n'kusandutsa ng'oma kukhala belu loitanira anthu ku msonkhano. Belu likalira ntchito yake yatha, silifunsidwa maganizo. Komatu amayi mwawadula nyimbo aja ndiwo akudziwa mtsikana amene akumukonzera banja mwezi wamawa. Akudziwa nyumba imene kumamveka kulira usiku, akudziwa gogo amene anthu ayamba kumunong'ona, akudziwa mwana amene wasowa m'mudzi atatengedwa kukaweta ng'ombe za eni. Anthu amene mumawafuna kuti ntchito yanu iyende munali nawo pamaso panu, inu n'kuwauza kuti akhale pansi.

Bwalo la gule linali malo odzudzulirana mabungwe asanabadwe. Amene anaonererapo gule wamkulu mwachidwi akudziwa kuti chilombo chilichonse chimatuluka ndi nkhani yake. Chadzunda akabwera ndi Maliya anthu amaseka, komatu zimene zikuoneka pamenepo ndi za banja ndi za ukulu. Zilipo zilombo zoonetsa chidakwa, waulesi, wachiwerewere, wosalemekeza akulu, ndipo zimachita zoipazo mopyola muyeso kuti woonerera adzione yekha. Simoni ndi nkhope yake yofiira anatuluka m'nthawi ya amishoni ndi atsamunda, pamene munthu wamba sakanatha kuima pamaso pa mzungu n'kumutsutsa. Mudzi unapeza njira yomubweretsa wamphamvuyo pabwalo, kumuvinitsa ndi kumuseka dzuwa likuswa mtengo. Edzi itafika kunatulukanso zilombo zochenjeza za matendawa. Wokayika apite ku Mua, ku Kungoni, malo amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, akaone zilombo mazanamazana zimene zinasonkhanitsidwa kumeneko pamodzi ndi nyimbo ndi matanthauzo ake. Ntchito imeneyi anaigwira wansembe, pa mishoni, m'dera limene kale mpingo ndi gule zinkalimbana koopsa.

Si Achewa okha. Beni wa ku Mangochi ndi Machinga, ndi malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, anabadwa makolo athu ataona perete wa asilikali a King's African Rifles, ena atabwerako ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Anatenga yunifolomu, maudindo ndi kuguba kwa atsamunda n'kuzisandutsa zawo. Gule wa vimbuza wa Atumbuka, amene amishoni anayesetsa kumuletsa, ndi wa machiritso, ndipo ambiri ovina ndi amayi. Mvetserani nyimbo zake. Mayi amene sangayankhe apongozi ake, kapena amene mwamuna wake anapita kumigodi ya ku Johannesburg osatumizako ngakhale kalata, amatulutsa zonse za kukhosi mizimu ikamugwira, ndipo palibe womuimba mlandu. Ngakhale pamtondo, agogo athu ankasinja akuimba za mwamuna wankhanza, mwini nkhani ali pakhonde akumva. Makolo anapangana kuti zimene munthu wochepa mphamvu sangathe kunena ndi pakamwa chabe, nyimbo inene, ndipo woimbayo asagwidwe.

Dziko lapansi linazindikira kulemera kwa zimenezi. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inalengeza gule wamkulu ndi vimbuza kukhala chuma cha anthu onse mu 2005, tchopa wa Alhomwe analowa m'kaundula mu 2014, mwinoghe wa ku Chitipa mu 2018. Timanyadira, ndipo n'koyenera. Koma ulemu wochokera kunja suthandiza ngati kwathu kuno ovinawo tikuwatenga ngati okometsera mwambo chabe. Si kuti njira yabwino sitikuidziwa. M'zaka za m'ma 1980 aphunzitsi ndi ophunzira a ku Chancellor College ankapita m'midzi ya ku Liwonde kukachita zisudzo za umoyo. Ankayamba ndi kumvetsera anthu, kutenga nyimbo ndi magule a komweko, n'kusiya eni mudzi kuti alowe m'sewerolo ndi kutsutsana okha za mayankho ake. Nzeru imeneyi tinaitaya pati?

Ife a msinkhu wanga tikukumbukira nthawi ya mbumba. Mu ulamuliro wa Kamuzu Banda, umene unayamba mu 1964 n'kutha mu 1994, amayi ankakwezedwa malole kupita kukavina atavala nsalu za nkhope yake, ena atasiya ana ndi minda, ndipo kukana kunali kudziputira mavuto. Nyimbo za chimtali ndi chioda zinasinthidwa mawu kuti zitamande munthu mmodzi. Riferendamu ya pa 14 June 1993 inasintha ndale, koma chizolowezi chovinitsa amayi pamaso pa akuluakulu chinatsala, ndipo zipani zonse zimene zabwera pambuyo pake zachipitiriza. Ndiye ife a mabungwe tikamawaveka malaya a uthenga wathu ndi kuwapatsa mawu oti aimbe, tidzifunse moona mtima kuti tasiyana pati ndi zimene timadzudzula. Uthenga wathu ungakhale wabwino, koma mayi wovinayo akadali wotumidwa, mawu si ake.

Tsono ndinene zimene ng'oma imachita pa ntchito yanga. Ng'oma isanalire imayamba yawambidwa. Timasonkha moto wa udzu kapena mapesi pambali pa bwalo, n'kuyandikiza chikopa kumoto, kumachisisita ndi chikhatho, kumagogoda ndi chala, kumvetsera. Chikopa chozizira chimalira mofooka. Chikamva moto mawu amakwera, koma ukapyoletsa chimang'ambika. Ng'oma ina imafuna phula pakati kuti mawu ake atsike, alemere. Ntchitoyi sathamangira, ndipo pamoto pamenepo timakhala amayi okhaokha titagwada moyandikana, ana titawapirikitsa. Milandu yambiri imene ndagwirapo inayambira pamenepo. Mayi amene sangayerekeze kubwera kuofesi kwanga, chifukwa mudzi wonse udziwa kumene wapita ndipo mwamuna wake amva dzuwa lisanalowe, amatha kugwada pafupi nane ngati akundigwirira ng'oma, n'kunena chapansipansi kuti, "Amayi, mwana uja akuti apite kubanja mwezi ukatha." Palibe womukayikira, pakuti aliyense waona kuti tikuwamba ng'oma.

Ng'oma yandiphunzitsanso kumva. Woimba ng'oma yotsogolera sayang'ana manja ake, maso amakhala pa mapazi ndi m'chiuno mwa wovina. Pa gule wamkulu taonani woimba mbalule momwe amatsatira chilombo: chikaponda iye waponda nacho, chikafuna kutembenuka iye wadziwa kale. Ukaimba zako zokha wovina amaima n'kukuyang'ana, bwalo lonse n'kudziwa kuti wasokoneza ndiwe. Pa desiki n'chimodzimodzi. Munthu wochitidwa nkhanza sayamba ndi nkhani yeniyeni. Amayamba ndi ya mbuzi imene yagulitsidwa osamuuza, ndipo ukathamangira kutsegula buku la malamulo pa nkhani ya mbuziyo, abwerera kwawo atasenza chimene chinamubweretsa. Umayenera kudikira pamene mawu ake atsike, pamene ayambe kupotokola nsonga ya nsalu. Ku maphunziro onse amene ndapitako palibe anandiphunzitsa zimenezi kuposa azakhali anga.

Mayi wina wa m'gulu lathu anali wa chitengwa, ndipo mwamuna wake anamwalira. Atangometa maliro, abale a mwamuna anabwera n'kusasula malata padenga, kutenga njinga ndi makina osokera amene mayiyo ankalerera ana. Iye anakana kukadandaula. Ankati sangasumire azilamu ake, ana angadzakule opanda abale. Lamulo ndinali nalo m'manja: la chuma cha masiye la mu 2011 limaika mkazi ndi ana patsogolo, ndipo kulanda chumacho ndi mlandu wopita nawo kundende. Koma lamulo siliyenda mwini nkhani akamaopa. Ndiye amayi akuluakulu a gulu anapeka nyimbo. Sinatchule dzina la munthu. Inkangofunsa kuti, malata mwasasula, ana a mbale wanu agona pati? Tinaiimba pa chimtali, amfumu ali pampando, azilamu aja ali m'khamu. Amayi onse a m'bwalo anaivomera, ena akugwetsa misozi, ndipo ndinaona mmodzi wa azilamuwo akuzyolika n'kuchoka mwakachetechete. Mudzi utaimba, nkhaniyo inasiya kukhala ya mayi mmodzi wosumira abale. Amfumu anaitanitsa mbali zonse, ndipo pabwalo lomwelo ndinapatsidwa mpata wofotokoza zimene lamulo likunena. Malata anabwerera, makina anabwerera. Njinga inali itagulitsidwa kale, mayiyo anasankha kuileka. Anthu aja anandimvera chifukwa ankandidziwa. Ndinaimbapo ng'oma pa maliro a makolo awo ndi pa chinamwali cha ana awo.

Sindikufuna kunamiza munthu kuti nyimbo imathetsa zonse. Mlandu wogwirira mwana suthera pabwalo la amfumu, suthera pa mbuzi ya chipepeso. Umapita kupolisi, ndipo ndimaupititsa ndekha. Komanso mphamvu yomweyo imene inabweza malata itha kupha munthu. Nyimbo yoloza gogo kuti ndi mfiti imayenda mofulumira kuposa ina iliyonse. Tonse tikukumbukira za ku Neno mu January 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa atawaganizira ufiti. Lamulo la za ufiti la mu 1911, ngakhale ndi lakalekale, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Tsiku lina pa gule mtsikana wina anayambitsa nyimbo yotere, yoloza gogo amene mdzukulu wake anali atangomwalira. Ndinachotsa manja pa ng'oma. Mnzanga wa ng'oma yaing'ono atandiona naye analeka. Oimba anapitiriza pang'ono ndi m'manja mokha, kenaka nyimbo inafa yokha. Sindinalalikire, sindinatchule gawo la lamulo. Zokambirana zinachitika mawa lake kwa amfumu. Munthu wa kuofesi akanamva nkhaniyi patapita masiku, mwina nyumba ya gogoyo itapsa kale.

Eni magule anzanga, nanunso ndili nanu mawu. Zoipa zilipo ndipo tikuzidziwa. Kuli madera kumene tiana ta zaka 10 timalangizidwa za m'banja n'kuuzidwa kuti tikasase fumbi. Kuli kumene fisi akadalowabe usiku. Kuli anyamata osowa m'kalasi nthawi ya mayeso chifukwa ali kudambwe, ndi zilombo zotchinga njira ya kusukulu, kuthamangitsa ana, kumenya odutsa ndi kulanda ndalama. Gule amene ndinakula ndikumuona ine anali ndi mwini mzinda, anali ndi nthawi yake, chilombo sichinkangoyendayenda popanda mwambo. Tikamaphimba zoipazi ndi dzina la chikhalidwe, tikupereka chida kwa amene akufuna gule yense athe. Kalonga Gawa Undi, amene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique timakamulambira ku Mkaika chaka ndi chaka, wakhala akudzudzula maukwati a ana ndi miyambo yoika moyo pachiswe. Ndiye wina asanene kuti zimenezi ndi nzeru zachilendo.

Malamulo oyendetsera dziko lino a mu 1994 sanatiuze kuti tisankhe. Gawo 26 limapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo ndi kutenga mbali pa chikhalidwe chimene wasankha. Gawo 24 limalamula kuti miyambo yopondereza amayi ithetsedwe, ndipo limatchula nkhanza, kugwiriridwa ndi kulandidwa chuma cha masiye. Zonsezi zili m'buku limodzi, m'mutu umodzi. Pamwamba pake tili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006, loteteza ana la 2010, loti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limene limaletsa miyambo yovulaza, ndi la maukwati la 2015 limene linaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja. Mu February 2017 aphungu anatseka mpata umene unatsala m'malamulo aakulu, wolola wa zaka 15 kulowa m'banja makolo akavomera. Malamulo tili nawo. Chosowa ndi anthu oti awalowetse m'tsimba ndi kudambwe, kumene wa galimoto ya bungwe saloledwa kuponda. Inkosi Theresa Kachindamoto anathetsa maukwati a ana mazanamazana ku Dedza, kuimitsa mafumu ang'onoang'ono ovomereza maukwatiwo ndi kubweza ana kusukulu. Anatha kutero chifukwa anali mwini mwambo, ankayankhula ali pampando wa makolo.

Ndimasunga zinsinsi za mitundu iwiri. Za anthu obwera kuofesi sindikazinena pamoto wowambira ng'oma, ndipo za m'tsimba sindizilemba mu lipoti. Alendo ena anandipemphapo kuti ndiwalowetse ndi kamera akajambule chilangizo. Ndinakana, ndipo ndidzakanabe. Koma anamkungwi ndinawauza maso ndi maso kuti mwana akavulazidwa chimenecho si chinsinsi cha mwambo, ndi mlandu, ndipo ndidzaimba foni ku 116, nambala yothandiza ana, kapena kupita ku Victim Support Unit, ofesi ya kupolisi yothandiza ochitidwa nkhanza, ngakhale wolakwayo akhale mbale wanga. Ena anasiya kundipatsa moni kwa kanthawi. Koma popeza ndinali mkati, tinatha kukhala pansi n'kusintha zinthu zimene wakunja sakanazikhudza. Chinamwali tinachisunthira ku tchuthi. Tinalekanitsa malangizo a mtsikana amene wangotha msinkhu ndi a munthu wamkulu amene akulowa m'banja. Tinaonjezera mwambo wakuti thupi lake ndi lake, ndipo wamkulu aliyense womugwira, kaya ndi malume kaya ndi mphunzitsi, akamunene. Timawauzanso kuti kuyambira mu 1993 boma limalola mtsikana amene anatenga pathupi kubwerera kusukulu akabereka, choncho mimba isakhale chifukwa chomukankhira kubanja. Mawu amenewa amatuluka m'kamwa mwa namkungwi ng'oma zikulira, ndipo mtsikana amene wawamva m'tsimba amakula nawo.

Kusenza ziwirizi si kopepuka. Maliro sapangana tsiku. Uthenga umabwera usiku kuti mawa kukufunika ng'oma, mawa lomwelo ndili ndi mlandu kukhoti. Nthawi zina ndimachezera kuimba, m'mawa n'kukhala pa desiki zikhatho zitatupa, cholembera chikuvuta kugwira. Mabwana ambiri amapereka masiku mosavuta ukamapita ku wekishopu, koma ukapempha tsiku la mwambo amakuona ngati wothawa ntchito, osazindikira kuti chikhulupiriro chimene anthu ali nacho pa bungwe lawo chinamangidwa pa miyambo yomweyo. Kutchalitchi nako mafunso satha. Chovuta koposa ndi tsiku limene wolakwa ndi mwamuna wa mnzako amene umaimba naye. Pamenepo ndimapereka fayilo kwa mnzanga wa kuntchito kuti pasakhale kukondera, koma mlanduwo sindiubisa, ndipo Loweruka ndimakagwadabe pamoto limodzi ndi mkazi wake, kaya andiyankhule kaya asandiyankhule.

Pempho langa kwa mabungwe ndi maofesi a boma ndi lakuti musanalembe ndondomeko, pitani kwa eni gule mukawafotokozere vuto, muwasiye apeke okha nyimbo m'mawu awo. Mudzaona kuti iwo amalasa pamene inu mumazungulira. Nyimbo ikayamba isadulidwe chifukwa galimoto yafika, mlendo wolemekezeka akhale pansi amve. Ikatha funsani anthu kuti yanena chiyani, zokambirana ziyambire pomwepo. Ndipo alipireni. N'zosamveka kuti pa mwambo wolalikira chilungamo, wophunzitsa wochokera kutali alandire alawansi, amayi amene ayenda mtunda ng'oma zili pamutu n'kubwerera ndi malaya okha. Chikopa chimagulidwa, wosema ng'oma amalipidwa, ndipo tsiku limene avina ndi tsiku limene sanapite kumunda. Zithunzi ndi makanema awo musaziike pa Facebook musanawapemphe.

Achinyamata amene mukuphunzira zamalamulo, zachitukuko kapena zosamalira anthu, ndipo kwanu mumavina ingoma, tchopa, manganje, malipenga kapena mganda, musasiye. Musachite manyazi kulemba pa kalata yofunsira ntchito kuti ndinu ovina kapena oimba ng'oma, ndipo akakufunsani fotokozani zimene luso limeneli lingachite pa ntchitoyo. Oimba ng'oma enieni akuchepa, ambiri ndi okalamba, ndipo ng'oma saiphunzira pa foni. Imafuna kukhala pafupi ndi munthu wamkulu kwa zaka, kumunyamulira, kumuwambira, iye n'kumakugwira manja ukasokoneza. Pitani akadali moyo.

Inunso akonzi, mukatumiza mtolankhani ku mwambo wotere, muuzeni asangolemba zimene wanena mlendo wolemekezeka. Apite kumene kwakhala amayi a ng'oma, awapemphe amuuze mawu onse a nyimbo zawo, awafunse kuti anapeka ndani, nanga chinachitika n'chiyani m'mudzimo kuti aipeke. Akamulola, mudzatisindikizire zimenezo.

Ine wanu,
Mlangizi wa zamalamulo komanso woimba ng'oma